Zotsatira za DNA zabwera, akuti ndine L0a2, alipo angandimasulire?

Tiyamike: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandisowetsa tulo kuyambira Lachiwiri. Msuweni wanga wa ku Leeds atabwera ku ukwati mu Disembala anandibweretsera kabokosi koyezera DNA, muli timitengo tiwiri ta thonje kunsonga, umapala nato mkati mwa tsaya nkuika mtimabotolo, nde iye anabwerera nako nkukatumiza ku labu. Ndinapala ndili pakhonde kwathu ku Chilomoni mmawa ndisanamwe tiyi chifukwa pepala lake limati usadye kaye. Pano imelo yabwera, alemba kuti maternal haplogroup yanga ndi L0a2 basi, ndi kamapu ka Africa kokhala ndi mivi. Ine ndimadikira kuti andiuza kuti ndinu Mlomwe kapena Mmang'anja, chifukwa mayi anga anatisiya mu 2019 ndisanawafunse bwinobwino za kuchikazi kwawo, ndimangodziwa kuti agogo ali ku Bvumbwe koma makolo awo anachokera kutali. L0a2 yo ndi ndani?

Bambo a Chisomo: Achemwali, DNA yomwe timaidziwa ife ndi ija amayezetsa bambo akamakana mwana. Inu mukukayika mayi anu kapena?

Tiyamike: Ayi achimwene, mayi anga sindingawakayike, nkhope yanga ndi yawo yomweyo. Ndikufuna kudziwa amene anabala amene anawabala

Aphunzitsi a Bio: Ndayamba ndadikira kuti ndiweruke kuti ndiyankhe modekha. Bambo a Chisomo, ija mukunenayo ndi ina. Pafupifupi mu selo iliyonse ya thupi muli DNA yaikulu yomwe theka imachokera kwa bambo theka kwa mayi, ndiyo amayang'ana pa milandu ya ana. Koma mulinso kena kakang'ono kamene kamakhala mu mitochondria, tinthu timene timapangira selo mphamvu. Kameneka nkozungulira ngati chibangili, zilembo zake zilipo 16,569 zokha, ndipo munthu amakalandira kwa mayi basi chifukwa kamabwera ndi dzira, ka bambo sikapitirira. Nde aTiya kanu munatenga kwa malemu mayi anu, iwo kwa agogo a ku Bvumbwe, agogo kwa mayi awo, mpaka kalekale osadukiza. Mchimwene wanu wa bere limodzi alinso ndi L0a2 yomweyo koma ana ake sadzakhala nayo, adzatenga ya mayi awo.

Aphunzitsi a Bio: Za dzinalo ndimawauza ana a Fomu 4 chonchi. Mukudziwa mmene amakoperana notsi, mmodzi akalakwitsa chilembo onse okopera kwa iyeyo amalakwitsanso pomwepo, wina mwa iwo nkuwonjezera cholakwika chake, nde ine ndikasonkhanitsa makope ndimatha kulondola kuti uyu anakopera kwa uyu. DNA ya kwa mayi imateronso, pakapita mibadwo yambiri chilembo chimodzi chimasintha ndipo ana onse a mayi ameneyo amanyamula kusinthako. Anthu okhala ndi zosintha zofanana ndiwo amatchedwa haplogroup imodzi. L ndi thunthu, L0 ndi nthambi, a ndi 2 ndi timphanda take.

NaPhiri wa ku Ndirande: Aphunzitsi tadikirani kaye. Mukuti mwana wamwamuna ali nako koma sapatsira ana ake, amene amapatsira ndi mlongo wake? Nanga si mbumba imeneyo? Ife kwathu ku Dedza timadziwa kuyambira kale kuti ana a mchimwene wanga si a pamudzi pathu, ndi a kwa akazi ake, koma ana anga ine ndi mbumba yake ndipo akalakwa amakaimirira ndi iyeyo ngati malume. Ufumunso umapita kwa mwana wa mlongo. Agogo anga amati mwana wa mlongo wako sungamukayike, munatuluka khomo limodzi. Ndangomva thupi kuzizira powerenga zimenezi

Aphunzitsi a Bio: Mayi mwalasa. Malume ndi mwana wa mlongo wawo amakhala ndi DNA ya mitochondria imodzimodzi, pomwe bambo ndi mwana wawo wobereka okha ayi. Mpando ukamayenda kuchikazi ndiye kuti ukuyenda njira yomweyo imene kachibangili kaja kamayenda.

Yamikani: Ndipo ndi mmene zinalili kwa a Kalonga a Maravi, wolowa ufumu amachokera mwa Nyangu, mayi wa fuko la aPhiri. Mafumu amasintha koma bere linali lomwelo

Tiyamike: Nde L0a2 yo ndi ya aPhiri kapena ya Alomwe? Pepani ndikubwereza funso lomwelo

Thoko wa ku Lab: Ndilowepo apa chifukwa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa atalipira kale ndalama. Siingakuuzeni mtundu. Nthambi zimenezi ndi zakale kwambiri kuposa mitundu yathu yonse, L0 payokha ili ndi zaka zoposa 100,000 pomwe mayina oti Mchewa, Myao, Mlomwe ndi a dzana lomweli tikayerekeza. L0a imapezeka kwambiri kuno kummwera chakummawa kwa Africa, ku Mozambique ndi yofala zedi, ndipo akatswiri amaona kuti inafalikira ndi anthu olankhula zilankhulo za Bantu pamene amatsika ndi ulimi ndi zitsulo. Nde mutha kukwera minibasi ya ku Limbe, Msena ali apa Mtumbuka ali apo, onse nkukhala L0a2 ngati inu, pomwe Mlomwe mnzanu wa mpingo umodzi ali L2a kapena L3e.

Chinanso muwerenge nokha. Makolo 2, agogo 4, obala agogo 8, mukabwerera mibadwo 10 malo a makolo akukwana 1,024. Mayeso amenewa akulondola munthu mmodzi yekha mwa onsewo. Enawo sakuonekamo ngakhale pang'ono

Bambo a Chisomo: Mmodzi pa 1,024? Nde ndalama yapita pachabe imeneyo, bola akanagula matumba a feteleza

Tiyamike: Kwa ine si pachabe achimwene. Mmodzi yekhayo ndi amene dzina lake linasowa. Dzina la bambo anga ndili nalo pa chitupa, la agogo aamuna lili pa manda, koma azimayiwa aliyense amangotchedwa make uje, make uje, mpaka dzina lenileni kuiwalika. Ine ndili ndi ana aakazi awiri, ndikawayang'ana akugona ndikumaganiza kuti kanthu kameneka kayenda zaka zonsezi mayi ndi mwana, mayi ndi mwana, pa njala, pa nkhondo, pa ukapolo, palibe pomwe panaduka, apo ayi bwenzi ine kulibe

NaPhiri wa ku Ndirande: Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Pitirizani mwana wanga

Mphatso ku Joni: Moni a ku Blantyre, ndawerenga zonse pa bureki. Ine ndinayezetsa konkuno chaka chatha yanga inatuluka L0d, ndipo ndinadabwa chifukwa ameneyu amapezeka kwambiri mwa Asan ndi Akhoe a ku Botswana, Namibia ndi kuno. Mayi anga ndi a ku Ntcheu, Angoni a kwa Maseko. Nditawerenga ndinapeza kuti si zachilendo kuno, Azulu ndi Axhosa ambiri ali ndi L0d chifukwa makolo awo amakwatira akazi a anthu omwe anawapeza mderali. Ngakhale malemu Archbishop Desmond Tutu atayezedwa, zomwe zinasindikizidwa mu 2010 zinaonetsa L0d kuchikazi kwawo. Nde ine ndimaganiza kuti mwina gogo wina ananyamuka ndi Angoni kuchoka kuno nkuyenda wapansi mpaka ku Ntcheu, ine ndabwerera pa basi kudzafuna ganyu komwe iye anachoka. Ndikaganiza zimenezi mu shopu muno misozi imalengeza

Thoko wa ku Lab: Zikhoza kutheka aMphatso koma musamange nazo mfundo. Angoni amatenga akazi mnjira monse momwe amadutsa, ku Mozambique, ku Zimbabwe, konkuno, nde gogo ameneyo akhoza kukhala kuti analowa mgululo pena paliponse. Pepala limangoti L0d, silinena kuti analowera pati

Yamikani: Apa nde mwandifikitsa pa nkhani yanga. AMphatso L0d yo inaliponso kuno ku Malawi Angoni asanaganize nkomwe zowoloka Zambezi mu 1835. Mu 2017 magazini ya sayansi yotchedwa Cell inatulutsa kafukufuku wa Pontus Skoglund, David Reich ndi anzawo, anayeza mafupa a anthu akale a mmaiko angapo a mu Africa ndipo ena anali a kwathu konkuno: ku phiri la Hora ku Mzimba a zaka pafupifupi 8,100, kuphanga la Fingira ku Nyika ena a zaka 6,100 ena 2,500, ndi ku Chencherere ku Dedza. Anthu amenewa anali alenje ndi otola zakutchire, magazi awo mbali yaikulu amafanana ndi Asan a kummwera, mbali ina ndi Ahadza a ku Tanzania, ndipo kuchikazi kwawo munapezeka L0d ndi L0k. Koma chomwe chinandikhudza ine nchakuti atayerekeza ndi Amalawi a lero, Achewa, Ayao, Atumbuka, Angoni, sanapeze chizindikiro chooneka cha anthu amenewa mwa ife. Anthu anakhala mdziko muno zaka masauzande ambirimbiri nkuzimiririka chonchi

NaPhiri wa ku Ndirande: Akafula amenewo! Agogo amatiuza kuti anali afupiafupi, ukakumana naye amafunsa kuti mwandionera pati, iwe umayenera kuyankha kuti ndakuonerani patali, ukati pafupi ndiye walakwa. Ku Chencherere ndi kwathu kwenikweni, tili ana timapita kukaona zojambula zofiira pamwala osadziwa kuti pansi pomwe tapondapo pagona anthu

Yamikani: Eya mayi, Akafula kapena Abatwa. Zojambula zofiirazo amati ndi zawo, zoyera ndi za Achewa za chinamwali ndi za gule, ndipo dera lonse la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula, bungwe la UNESCO linalilemba mu 2006 pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa a padziko lonse. Mu 2022 kunatulukanso kafukufuku wina mu magazini ya Nature, gulu la Jessica Thompson linafukula ku Hora komweko mafupa a ana aang'ono a zaka zoposa 14,000 ndipo DNA inawerengeka. Tangoganizani, ina mwa DNA yakale kwambiri yomwe yawerengedwapo kummwera kwa Sahara inachokera ku Mzimba. Ine zimandiwawa kuti ana athu amaloweza za mafumu a ku Ulaya koma za Hora sanamvepo, ngakhale ife akuluakulu timadutsa pa Chichiri tsiku ndi tsiku osalowako ku museum

Mphatso ku Joni: Nde kapena gogo wanga anali Mkafula?

Yamikani: Mtima ukufuna zitero koma kafukufuku uja sakutithandiza mbali imeneyo. Njira ya kummwera ndi yomwe ikumveka kwambiri kwa munthu wa ku Ntcheu

Mai Busa: Ndakhala ndikungowerenga. Funso langa ndi lakuti, ndinamva kuti asayansi omwewa anapeza Hava. Ndi zoona? Chifukwa ngati ndi choncho ndiye akungotsimikiza zomwe Genesis ananena kale

Aphunzitsi a Bio: Mai Busa dzinalo analipereka ndi anthu a nyuzi ndipo lasokoneza ambiri. Mu 1987 Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson anayeza anthu 147 ochokera mbali zosiyanasiyana za dziko, atalondola nthambi zonse mmbuyo zinakakumana mwa mayi mmodzi yemwe anakhala mu Africa zaka pafupifupi 200,000 zapitazo. Koma iwo sanati anali yekha padziko. Analipo azimayi ena ambiri nthawi yake, kungoti mizere yawo ya kuchikazi inaduka penapake, wina anabala amuna okhaokha, wina sanabale. Mmudzi zimachitika, mumaona bere lina likutha pomwe lina ladzaza mudzi wonse, koma magazi a bere lothalo alipobe kudzera mwa ana aamuna. Za chikhulupiriro ndisiyira inu, ine ndimapemphera ndipo sizinandisokonezepo.

Chomwe ndimakonda kuwauza ana ndi ichi. Nthambi za L0 mpaka L6 ndi za mu Africa. Mwa L3 munatuluka M ndi N zaka pafupifupi 60,000 mpaka 70,000 zapitazo, ndipo Mzungu, Mmwenye wa mu Limbe, Mtchaina, onsewo kuchikazi kwawo amachokera mwa ziwirizi. Nthambi ya aTiya ya L0 inapatuka kale kwambiri zimenezo zisanachitike, ndi yoyandikira ku tsinde penipeni

Mai Busa: Zikomo aphunzitsi, mwayankha mwaulemu. Ndikazilingalira

Bambo a Chisomo: Ine langa ndi lina. Malovu anuwo ali kunja, mwini wake ndani pano? Tisaiwale mmene anthu anaphedwera mu 2017 ku Mulanje, ku Phalombe mpaka muno mtauni chifukwa cha mphekesera za anamapopa. Munthu ukapita kumudzi ndi timitengo nkumati agogo tsegulani pakamwa nditumize kwa azungu, ukhoza kubwerako ndi mabala. Ndipo si umbuli okha ayi, anthu ali ndi chifukwa choopera kutengedwa zamthupi

Thoko wa ku Lab: Apa ndikugwirizana nanu kwathunthu. Nkhawayo ndi yoona ngakhale kunja komweko. Kampani yoyeza DNA ya 23andMe anaibera ma data mu 2023, anthu pafupifupi 6.9 miliyoni anakhudzidwa, ndipo mu Malichi 2025 inalengeza kuti yagwa, anthu nkuyamba kuthamangira kufufuta zawo poopa kuti zigulitsidwa kwa wina. Ku America mu 2018 apolisi anagwira munthu wa milandu yakale yakupha polondola DNA ya abale ake yomwe anaika pa GEDmatch, webusaiti yomwe anthu amaikapo zotsatira za DNA pofunafuna abale. Nde mukayezetsa dziwani kuti simwadziulula nokha, mwaululanso abale anu onse a bere limodzi omwe sanavomere. ATiya lowani mu akaunti yanu muone pomwe pali zoti kodi zanu azigwiritse ntchito pa kafukufuku, ndi pomwe mungapemphe kuti awononge sampulo. Werengani musanadine.

Komanso kwa amene akufuna kuyezetsa, funsani kaye kuti ndi mayeso ati. Ena amawerenga kachigawo kochepa nkukupatsani chilembo chimodzi kapena ziwiri, ena amawerenga zilembo zonse 16,569, amenewo ndi omwe amafika ku timphanda tating'ono. Ena monga AncestryDNA amapereka maperesenti a madera, haplogroup sapereka. Ndipo musayembekeze ma match ambiri, ndikunena anthu omwe DNA yawo yafanana ndi yanu, omwe anayezetsa mmakampani amenewa ambiri ndi a ku Ulaya ndi America, ife tilimo ochepa

Tiyamike: Zoonadi, ma match anga alipo atatu okha, awiri ku America mmodzi ku Brazil, a ku Malawi palibe. Wa ku Brazil yo wandilembera kale uthenga wachipwitikizi ndachita kumasulira pa foni, akufunsa kuti kwathu nkuti. Ndamuyang'ana pa chithunzi nthawi yaitali, mayi wachikulire wovala magalasi

Yamikani: Musadabwe. Mzaka za m'ma 1800 zombo zambiri zinanyamula akapolo ku Quelimane ndi ku chilumba cha Mozambique kupita nawo ku Brazil, ndipo ena mwa anthuwo amagwidwa mmadera a Shire ndi Zambezi momwe muno. Ena amadutsira ku Nkhotakota kwa Jumbe kupita ku Kilwa ndi Zanzibar. Sindikunena kuti mayiyo ndi mdzukulu wa mchemwali wa gogo wanu, mwina munasiyana zaka 2,000 zapitazo, koma njira yoti magazi a kuno akafike ku Brazil inalipo ndipo ndi yowawa

Tiyamike: Ndimuyankha usiku uno. Sindikudziwa ndiyambira pati koma ndimuyankha

Aphunzitsi a Bio: Pomwe mayesowa amagwira ntchito bwino ndi pamene muli ndi funso lenileni. Mafupa a mfumu Richard III ya ku England, yomwe inafa mu 1485, anapezeka mu 2012 pansi pa malo oimikapo magalimoto ku Leicester, ndipo anawatsimikiza poyerekeza ndi anthu amoyo ochokera mwa mlongo wake Anne kudzera mwa akazi okhaokha. Zinatheka chifukwa mayina a azimayi onsewo analembedwa mbadwo ndi mbadwo. Nde tinene kuti mabanja awiri, lina ku Thyolo lina ku Milanje ya ku Mozambique, amati agogo awo anali pachibale, mukayeza mmodzi uku mmodzi uko nkupeza nthambi zosiyana ndiye kuti sanali a bere limodzi, zikafanana ndiye nkhani ya akuluakulu ija yapeza mboni

NaPhiri wa ku Ndirande: Mwana wanga Tiyamike, agogo ako ali moyo ku Bvumbwe, pa minibasi ndi ola limodzi losakwana. Usapite ndi mapepala ako a L chakuti, sakamva. Pita ndi shuga ndi sopo, ugone komweko, uwafunse madzulo mukusenda nandolo. Usafunse kuti mayi anu anali ndani, ufunse kuti anakutengerani kuchinamwali ndani, mphini zanu anatema ndani, nyimbo yomwe amaimba posinja inali yotani. Mayina amatuluka okha nkhani zikamayenda. Ine ndinachedwa, anga anapita ndi zonse

Tiyamike: Ndapita ndabwera. Ndinanyamuka Loweruka pa Limbe ndabwera dzulo madzulo. Mayi NaPhiri ndinachita momwe munanenera, tinakhala pa mkeka kuseri kwa khitchini iwo akusankha nyemba mu lichero, nde ndinayamba ndi za mphini zomwe ali nazo pamasaya. Anaseka kaye kenako anayamba kulankhula osaima mpaka moto unazima. Mayi awo anabadwira ku esiteti ya tiyi ku Thyolo konko. Agogo awo ndi amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique, mbali ya phiri la Namuli, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, anali ndi mwana kumbuyo ndi mphika pamutu, ndipo mchemwali wawo wamng'ono anatsala mnjira chifukwa anatupa miyendo, anamusiya pamudzi wina kuti adzamutenga, sanabwererenso. Agogo akuti gogoyo mpaka imfa yake akaphika amapatula kansima pambali. Anandipatsa mayina atatu, la mayi awo, la agogo awo, ndi la wotsala mnjira uja, la kumtunda kwake anayesa kukumbukira mpaka anagwira mutu koma silinabwere. Ndawalemba onse kuchikuto cha Baibulo la malemu mayi anga, pansi pake ndalemba la mayi, langa, ndi a ana anga awiri. Ndinajambulanso mawu awo pa foni mphindi 47, muli nyimbo ya Chilomwe yomwe ine sindikumva tanthauzo lake

Mphatso ku Joni: Achemwali mwandiliza. Ine ndiimbira mayi ku Ntcheu Lamlungu

Bambo a Chisomo: Akazi anga ndi a ku Phalombe, Chilomwe amachimva bwinobwino. Tumizani nyimboyo ku inbox akumasulireni akabwera ku msika

Tiyamike: Ndatumiza achimwene. Muwauze amvetsere cha pa mphindi 31, pali mawu ena agogo akubwereza katatu, ndikuganiza kuti ndi dzina la mudzi